Zomwe galimoto imanena ikafunsidwa

Mwa zonse zimene zili m'galimoto, hita ndi imene kuno timaiwala msanga. Munthu akamagula galimoto amafunsa za injini, za magiya, za matayala ndi za mafuta amene imamwa. Akafika pa mabatani a pakati pa dashibodi amangofuna kumva ngati mpweya wozizira ukutuluka, ndipo ukatuluka nkhani yathera pomwepo. Sindinaonepo wogula akupotoza batani mpaka kofiira n'kudikira kuti dzanja limve kufunda. Komanso n'zomveka. Mu Okutobala ku Salima kapena ku Nchalo, wofuna mpweya wotentha m'galimoto anthu angamufunse ngati malungo amugwira.

Koma Juni salephera kufika. Amene amayenda m'bandakucha pa msewu wa M1 kulowera ku Mzuzu amachidziwa chifunga cha ku Chikangawa, chimene chimameza nyali za galimoto ya patsogolo pako ukuziona. A ku Dedza amaidziwa mphepo ya kwawo, a ku Thyolo ndi ku Mulanje amachidziwa chiperoni, mvula yowaza ija imene imatha masiku osaleka. Kuzizidwa mapazi munthu amapirira, amangovala masokosi awiri. Chovuta ndi galasi lakutsogolo. Anthu anayi akamapuma m'galimoto yotseka mawindo, mpweya wawo wachinyezi umakafika pa galasi lozizira n'kusanduka nthunzi, ndipo msewu umabisika kawiri, kunja ndi chifunga, mkati ndi mpweya wanu womwe. Chochotsa nthunzi imeneyi ndi mpweya wofunda ndi wouma wowomba pa galasipo. Pa ola limenelo, hita ikafa ndiye kuti dalaivala akuyendetsa mongoganizira.

Yanga inasiya ntchito popanda phokoso lililonse. Fani inkazungulira bwinobwino, timagetsi ta pa mabatani tinkayaka, manambala ankakwera ndikapotoza, 25, 28, 30, koma mpweya wotuluka unali womwewo wozizira. Pa ulendo wina wa ku Mzuzu, mkazi wanga anagwira ntchito ya hita ndi nsonga ya chitenje, kupukuta galasi kuchokera mbali yake mpaka pomwe dzanja limalekezera, ine n'kumasuzumira pa kampata kamene kayera. Tinafika bwino. Koma ndili m'njira ndinkangoganiza kuti chinthu chimene chandivuta chili pompano, kuseri kwa pulasitiki imene mawondo anga akukhudza, ndipo sindikudziwa n'komwe maonekedwe ake.

Galimotoyo ndi ya ku Japan, monga zambiri za m'misewu yathu. Inatsikira ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe, ndipo ine ndinaigula kwa munthu wina amene anali atayendera kale zaka zingapo. Galimoto zoterezi zimabwera zikulankhula chinenero chimene sitimva. Buku la malangizo lili m'Chijapani. Sikirini ya pakati imaonetsa mapu a dziko la eni ake. Ukangopotoza kiyi, mawu a mayi wina amamveka kuchokera pansi pa chiwongolero, ndipo ana amawatsanzira akuseka. Ndi kachipangizo ka ETC, kolipirira misewu ya ku Japan, kamene kamadandaula kuti mulibe khadi. Tinazolowera kuyendetsa chinthu chimene chimatilankhula tsiku ndi tsiku ife osamva kanthu. Ndikuganiza kuti chizolowezi chimenechi ndicho chimatichititsa kuti, chikadwala, tisaganize n'komwe zochifunsa.

Makaniko woyamba amene ndinamuonetsa anali mnyamata wochangamuka, wa manja opepuka. Anayatsa, anapotoza, anaika dzanja pa mabowo a mpweya, kenako anati, “Bwana, apa pakufunika kugwetsa dashibodi yonse kuti tione. Koma kunena zoona, kuno hita ndi ya chiyani? Ingoisiyani.” Sindimuimba mlandu. Kugwetsa dashibodi ndi ntchito ya tsiku lathunthu, yochotsa chiwongolero, wailesi, mawaya ochuluka ndi tizogwirira ta pulasitiki timene tikathyoka sitipezekanso. Galimoto imene dashibodi yake inachotsedwapo nthawi zambiri imabwerera ikulira tiphokoso tatsopano pa msewu wa fumbi. Mnyamatayo ankandipulumutsa ku zimenezo. Koma njira zake zinali ziwiri zokha, kumasula zonse kapena kusiya zonse.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake vutoli limazunguza, ayenera kudziwa kumene kutenthako kumachokera. Hita ya galimoto ya petulo kapena dizilo ilibe moto wakewake. Pa mphamvu ya mafuta amene injini imawotcha, gawo lochepa ndilo limayendetsa matayala. Lochuluka limasanduka kutentha, kwina n'kutulukira ku utsi, kwina n'kutengedwa ndi madzi ozungulira mu injini. Ena mwa madzi otenthawa amadutsa pa mapaipi awiri n'kulowa m'karadiyeta kakang'ono kobisika mkati mwa dashibodi. Fani imakankha mpweya, ndipo kutsogolo kwa karadiyetako kuli kachitseko kamene kamasankha kuti mpweya wochuluka bwanji udutse pa kutenthako ndi wochuluka bwanji ulambalale. M'galimoto zakale kachitsekoka kankakokedwa ndi waya kuchokera pa batani, dzanja lako n'kumamva kulemera kwake. M'galimoto zokhala ndi batani la AUTO, dzanja lako limangouza kakompyuta nambala imene ukufuna. Kakompyutako kamamvera masensa, ina yoyeza mpweya wa mkati, ina wa kunja, ina yoyeza dzuwa, ndipo kakaganiza kamatuma kamota kakang'ono kuti kasunthe kachitseko.

Ndiye vuto lingakhale paliponse pa mzere umenewu. Madzi angachepe. Karadiyeta kangatsekeke ndi dzimbiri. Sensa ingafe, waya angaduke, kamota kangakakamire, kachitseko kangathyoke. Wokhala pa mpando zonsezi amazimva chimodzimodzi: mpweya wozizira.

Amene anandionetsa njira yachitatu ndi mkulu wina wokonza za mawaya a galimoto, wa imvi, wosathamanga polankhula. Nditamufotokozera, sanatenge sipanala. Anati, “Achimwene, tisanamasule bauti ndi limodzi lomwe, mwayamba mwaifunsa?” Ndinayesa nthabwala. Iwo anakhala pa mpando wa dalaivala, kiyi ali chozimitsa. Anaika chala chimodzi pa AUTO, china pa batani lija la chithunzi cha galimoto yokhala ndi muvi wozungulira mkati, ndipo zala zili chikanikizire anapotoza kiyi kufika pa ON osaliza injini. Timagetsi tonse ta pa mabatani tinaphethira pamodzi kanayi. Kenako, pamalo pamene nthawi zonse pamaoneka nambala ya kutentha, panayamba kubwera manambala ena amene sindinawaonepo: 12, 21, 41, n'kubwereranso ku 12.

Zinali ngati munthu wanena “odi” pa khomo la nyumba imene wakhala akuidutsa zaka zambiri akuyesa kuti mulibe anthu, ndiye mkati n'kumveka “lowani”.

Manambalawo ali ndi dongosolo lake, ndipo mkuluyo analidziwa pamtima. Oyamba ndi 1 ndi a masensa oyeza kutentha: 11 wa mkati mwa galimoto, 12 wa kunja, 13 wa pa chipangizo choziziritsa mpweya. Nambala 21 ndi ya sensa ya dzuwa, kadiso kaja kamene kali pamwamba pa dashibodi pafupi ndi galasi, kamene ambiri timakaphimba ndi nsalu kapena mapepala osadziwa ntchito yake. Oyamba ndi 3 amanena za tizipangizo touza kakompyuta pamene kachitseko kaima, ndipo oyamba ndi 4 amanena za timamota tosuntha tizitsekoto. Nambala 41 ndi ya kamota ka kachitseko kosakaniza mpweya wotentha ndi wozizira. Zonse zikakhala bwino pamaoneka 00.

Ine mtima unali utathamangira kale kuwerenga ndalama za zinthu zitatu. Mkuluyo analoza kumwamba, ku malata a galaja yawo, n'kuti, “21 ameneyo si matenda ayi, ndi mthunzi.” Tinaitulutsa galimoto pa dzuwa, anabwereza zala zija, ndipo 21 sanaonekenso. Anandiuza kuti mabuku okonzera galimotozi amachenjeza okha za zimenezi, kuti ukayesera pamalo a mdima nambalayo imabwera ngakhale sensa ili yamoyo. A Nissan, amene njira yawo ndi yokanikiza OFF kwa masekondi 5 galimoto itangoyatsidwa, ali ndi chenjezo lomwelo pa nambala yawo 25, ndipo amachita kunena kuti ngati uli m'nyumba uunikire sensayo ndi babu loposa mawati 60.

Nkhani ya 21 imeneyi yandikhala m'mutu kuposa zina zonse za tsikulo. Galimoto sinaname. Inanena zimene inkadziwa, kuti kuwala sikukuifika. Zoti sensa yafa n'zimene ine ndikanawonjezerapo. Nambalayo inkanena za malo amene tinaima pofunsa, ndipo wowerenga mothamanga akanakagula sensa yatsopano, n'kuiika, n'kuyeseranso pansi pa malata omwewo, n'kupeza 21 ali pomwepo. Akanati waguliridwa chabodza, kapena kakompyuta kafa, ndipo ulendo wogula zinthu ukanapitirira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo n'zoona. Koma wofunsa nayenso amatha kudya phula lomwelo ngati saganizira kuti yankho lapita ndi mmene iye wafunsira. Ndakhala ndikuganiza za mayankho angati amene ndinalandira kwa ana anga, kwa anzanga a kuntchito, amene ankafotokoza za mthunzi umene ine mwini ndinawaimikamo.

Pa manambala awiri otsalawo panalinso kusiyana, koma kofuna khutu. Pamene 41 ankaoneka, galimoto inkalira kakulira kafupi. Pamene 12 ankaoneka, inkakhala chete. Mkuluyo anati nambala yobwera ndi kulira ndi vuto limene lilipo panopa, ndipo yobwera mwakachetechete ndi limene linachitika kale n'kutha, kakompyuta kanangolisunga. Sensa ya mpweya wa kunja imakhala kutsogolo, kuseri kwa bampala. Apo ndinakumbukira kuti bampala ija inachotsedwapo nthawi ina pokaiwongola, ndipo mwina waya wa sensayo anazulidwa kiyi ali pa ON. Ine ndinali nditaiwala, galimoto ayi. Mkuluyo anazula fyuzi imodzi, anadikira pang'ono, anaibwezera, ndipo titafunsanso panatsala 41 yekha, akulira.

Ndinakonda kusiyanitsa kumeneku. Amene anakonza dongosololi anadziwa kuti kukumbukira kokha sikokwanira, kuti chikumbumtima chosanena nthawi chimasokoneza. Chakale chinenedwe kuti munthu adziwe, koma chinenedwe ndi mawu ena, kuti asakakumbe pamalo pamene panapola kale.

Kenako anakanikizanso batani la muvi wozungulira lija, ndipo galimoto inalowa gawo lachiwiri, loyesa ziwalo zake chimodzichimodzi. Manambala anayamba kuyenda kuchokera pa 0 kukwera, ndipo pa sitepe iliyonse china chake chinkasintha mkati mwa dashibodi. Fani inkakwera n'kutsika. Mpweya unkatulukira kumaso, kenako kumapazi, kenako pa galasi. Injini inali yozimitsa, wailesi yozimitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva tizitseko tija tikuyenda, kaphokoso kofewa ka pulasitiki yotsetsereka n'kukaima. Mkuluyo anali atapendeketsa mutu, khutu pafupi ndi dashibodi, maso chotseka. Pofika pa sitepe imene kachitseko ka kutentha kamayenera kutembenuka, m'malo mwa kutsetsereka panamveka “ti, ti, ti”, kenako zii. Anabwereza. Chimodzimodzi. Analoza ndi chala pansi, cha kumapazi, n'kuti, “Kali apa.”

Ntchito yotsalayo inali yaifupi. Anagona chagada pamalo oika mapazi, tochi kukamwa, n'kumasula timasikuluu tingapo. Chimene anatulutsa chinali kabokosi kokwana m'dzanja limodzi. Mkati munali timagiya ta pulasitiki ndi tizitsulo topyapyala timene timatsetsereka pa timizere, n'kumauza kakompyuta pamene kachitseko kafika. Girisi wake anali atauma n'kuda bii ndi fumbi la zaka zambiri. Anatsuka, anapaka wina, anakabwezera. Titafunsanso, yankho linali 00. Dashibodi sinagwe.

Pobwerera kunyumba funso limene linanditsatira linali lakuti: n'chifukwa chiyani zimenezi n'zobisika? Pa mabataniwo palibe chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti awiri akakanikizidwa pamodzi amachita china. Njirayi inakonzedwera amisiri a kufakitale ndi a m'magalaja a ogulitsa, ndipo imalembedwa m'mabuku awo, osati m'buku limene mwini galimoto amapatsidwa. Ndikutha kuona nzeru yake. Mwini galimoto aliyense atamaona 21 usiku, magalaja angadzaze ndi anthu odandaula za matenda amene kulibe. Opanga galimoto anasankha kuti mwini asadziwe zambiri kuti mtima wake ukhale pansi. Ngakhale muvi wa kutentha kwa injini, m'galimoto zambiri, unapangidwa kuti uziima pakati osagwedezeka malinga kutenthako kuli m'malire oyenera. Eni a Audi TT zoyambirira anatulukira kuti akakanikiza mabatani awiri a hita n'kusankha 49C amaona nambala yeniyeni ya kutentha kwa madzi ikukwera n'kutsika, pamene muvi wa pa dashibodi uli phee pa 90.

Koma nzeru imeneyi inapangidwira mwini woyamba, wokhala pafupi ndi galaja ya ogulitsa, galimoto yake ikadali pa chitsimikizo. Ife ndife eni achitatu kapena achinayi, kutsidya la nyanja, ndipo kwa ife chobisikacho ndicho chimasiyanitsa ntchito ya ola limodzi ndi ntchito yogwetsa dashibodi. Kuyambira 1996, galimoto zogulitsidwa ku America zinayenera kukhala ndi soketi ya OBD-II ya timabowo 16 pafupi ndi chiwongolero, ndipo mayiko ena anatsatira, motero lero makaniko ambiri ali ndi kachipangizo kolumikiza pamenepo n'kuwerengera pa foni. Koma totchipa tambiri timawerenga za injini zokha. Za hita sitifikako. Ndipo galimoto zikamapita zikusintha, zambiri za mtunduwu zikusamukira ku makompyuta a ogulitsa okha. Nkhaniyi inafika povotera: anthu a ku Massachusetts, ku America, anavota mu 2012, n'kuvotanso mu 2020, kuti eni galimoto ndi magalaja wamba azipatsidwa mwayi wowerenga zimene galimoto zawo zikunena. Ine kwanga kuona, njira yakale ija yofuna zala ziwiri ndi dzuwa basi ndi yachifundo kwambiri kwa munthu wa kumapeto kwa ulendo wa galimoto. Siifuna kompyuta, siifuna intaneti, siifuna chilolezo cha wina. Imangofuna kuti wina akuuze kuti ilipo.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera apa, galimoto itayankha ndipo ife titamvera. Koma m'mawa wina wozizira ndinapeza kuti mpweya ukutuluka wofunda pang'ono chabe, wosakwanira kuumitsa galasi msanga. M'tauni, galimoto ikaima pa mzere, unkatenthako. Pa msewu waukulu, makamaka potsika mtunda wautali, unkazizira, ndipo muvi wa kutentha kwa injini unkatsika nawo. Ndinaima pambali pa dzuwa, zala ziwiri pa mabatani, kiyi pa ON. Timagetsi tinaphethira kanayi. Yankho: 00.

Ndinabwerera kwa mkulu uja. Ulendo uno sanakhale pa mpando. Anadikira injini izizire, anatsekula boneti, anaona kuti madzi ndi okwanira, kenako anandiuza ndiilize. Dzanja lawo linali pa paipi yaikulu ya pamwamba yopita ku radiyeta. Pasanapite nthawi anati, “Gwirani apa, achimwene.” Paipiyo inali itayamba kale kufunda, pang'onopang'ono, injini isanatenthe n'komwe. Pa galimoto yabwino paipi imeneyi imakhala yozizira kwa kanthawi, kenako n'kutentha mwadzidzidzi thermostat ikatsekuka. Atamasula pamalo pake, anapeza mulibe kanthu. Wina, nthawi ina, mwini wakale akadali nayo, anaichotsa.

Chizolowezi chochotsa thermostat n'chofala kuno, ndipo chili ndi chiyambi chomveka. Thermostat ndi kavavu kamene kamatseka njira ya ku radiyeta mpaka madzi atatentha, pa injini zambiri za ku Japan cha m'ma 82 digiri, kenako n'kumatsekuka ndi kutsekeka kuti kutentha kukhazikike. Kakafa kali chotseka, injini imawira. Munthu wowiritsa injini pa Chiweta kapena pa Kammwamba, kutali ndi sitolo ya zida, akachotsa kavavuko amafika kunyumba, ndipo wachita bwino. Cholakwika n'chakuti chipulumutso cha tsiku limodzi chinasanduka chiphunzitso: akuti thermostat ndi ya kumayiko ozizira, kuno n'kosafunika. Koma injini inapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kwake komweko, kaya ili ku Hokkaido kaya ku Nsanje. Ikamayenda yozizira, kompyuta yake imaiona ngati yongodzuka kumene n'kumaipatsa mafuta ochuluka, ndipo ziwalo zake zimaperepeseka msanga. Mwini amalipira pa filing'i mlungu ndi mlungu osadziwa. Hita yofooka ndi chizindikiro chokhacho chimene iye angachimve ndi khungu lake, ndipo popeza hita sitiyatsa, chizindikirocho sichimveka.

Pali zinanso zimene manja a anthu amachita zomwe kakompyuta sikangazione. Karadiyeta ka mkati kakayamba kudontha, n'kumanyowetsa kapeti ndi kutulutsa fungo lotsekemera, ambiri amangozula mapaipi ake awiri n'kuwalumikiza okhaokha kuseri kwa injini, madzi n'kumazungulira osalowanso mkati. Ena amathira madzi a pampopi okha zaka ndi zaka, opanda mankhwala oletsa dzimbiri, mpaka timipata ta karadiyetako titatsekeka. Pamenepo paipi yolowa imatentha, yotuluka n'kukhala yofunda chabe. Ena amasintha madzi n'kusiya mpweya utatsekeredwa mkati. Pa zonsezi, mukafunsa galimoto, idzati 00.

Poyamba 00 ameneyu anandikwiyitsa, ngati kuti galimoto yandinamiza. Koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti ndi chimodzimodzi ndi 21 uja, kungoti watembenuka. Kakompyutako kamadziwa dziko kudzera m'mawaya ake okha. Kamadziwa ngati sensa yaduka kapena yagundana, kamadziwa ngati kamota kafika pamene kanatumidwa. Sensa ikanena kuti madzi ndi ofunda chabe, kwa iko palibe cholakwika, chifukwa sensayo ikugwira ntchito ndipo ikunena zoona. Kuti madziwo amayenera kukhala otentha kuposa apo pakatha mphindi zambiri pa msewu, limenelo ndi funso limene sikanaphunzitsidwe kudzifunsa. Ndiye 00 sakutanthauza kuti zonse zili bwino. Akutanthauza kuti pa zimene iko kamatha kumva, palibe chaduka. Ndi yankho loona, la malire, ndipo malirewo sikawanena.

Chimene ndinaona mwa mkulu uja n'chakuti ankadziwa nthawi yofunsa ndi nthawi yoleka kufunsa. Tsiku loyamba anakana kugwira sipanala asanamve manambala. Tsiku lachiwiri sanawayang'ane n'komwe manambalawo, anagwiritsa ntchito chikhatho. Mnyamata woyamba uja anali ndi manja koma sankadziwa kuti pali chofunsa. Masiku ano ndimaonanso achinyamata ena amene ali ndi kachipangizo ndi foni, amawerenga nambala, amagula chimene nambalayo yatchula, ndipo ikati palibe vuto amakubwezera makiyi. Onse awiri amagwira theka la ntchito. Ndipo ndimada nkhawa pang'ono, chifukwa chidziwitso cha manambala chikufalikira msanga pa mafoni, pamene cha chikhatho chimafuna kuima pafupi ndi munthu wa imvi kwa zaka, kumupatsira masipanala.

Pali kanthu kena kamene anandiuza ndikutsanzika, kuti ndisadzabwerenso ndi dandaulo lopanda pake. Galimoto ya AUTO ikalizidwa m'mawa kukuzizira, fani imatha kukhala chete kwa kanthawi ngakhale wayatsa hita. Sikuti yafa. Imadikira kuti madzi atenthe kaye, kuti isakuwombe ndi mpweya wozizira kumapazi. Ndipo ukakanikiza batani la galasi lakutsogolo, choziziritsa mpweya chimayaka chokha ngakhale wapempha kutentha, chifukwa ndicho chimachotsa chinyezi mumpweyamo usanadutse pa karadiyeta. Ambiri amachizimitsa poopa mafuta, kenako n'kumadabwa kuti galasi likuchedwa kuyera.

Thermostat yatsopano inalowa, madzi anasinthidwa n'kuthiridwa mankhwala ake, mpweya unatulutsidwa. Muvi tsopano umakwera n'kukaima pakati, ndipo sutsikanso potsetsereka.

Inu amene muli ndi galimoto ya mtunduwu, musadikire Juni. Mu Epulo kapena Meyi, injini itatentha, potozani batani mpaka kofiira mumve. Mpweya ukakhala wozizira, yambani mwaona madzi, koma injini itazizira, chifukwa chivindikiro cha radiyeta yotentha chawotcha nkhope za anthu ambiri. Fufuzani njira ya galimoto yanu yeniyeniyo, poti mabatani ndi manambala zimasiyana malinga ndi kampani, mtundu ndi chaka, ndipo mukaipeza muyesere pa dzuwa. Ikati 00 koma mpweya uli wozizirabe, gwirani mapaipi. Ndipo makaniko akakuuzani kuti thermostat kuno n'njosafunika, athokozeni, koma mukagule ina n'kuiikamo.